Nkhata za M'khosi Mwanga

Lolemba, 4 Marichi

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pazenera. Ndine Amosi Nakhumwa wa ku Khonjeni. Ndinathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana, kenaka ndinakhala kapitawo wa pasikelo. Koma mukakafunsa kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti, kuti Nakhumwa ndi uti, za sikelo sakutchulirani. Akuuzani kuti ndi mkulu wa nthano uja, amene satseka pakamwa ngakhale pamaliro.

Lero anditseka. Mawu anayamba kusasa nthawi yobzala chimanga, ine n'kumati ndi chimfine. Tsopano pansi pa khutu lamanzere patuluka chotupa ngati dzira la nkhunda, ndipo ndikamapuma pakhosi pamalira kamluzu. Adokotala akuti mawu ndiwapumitse. A nesi Doris ataona kuti ndikupumitsa mochita kufotokozera wodi yonse mmene ndikupumitsira, anandibweretsera kope ili ndi bolopeni. Amvekere, "Agogo, zofuna kunenazo muzithira umu, anzanu agoneko."

Sukulu sindinaipondeko. Zilembo ndinatola ku sukulu ya kwacha imvi zili kale mbuu. Ndilemba mmene ndimayankhulira, wodandaula akadandaule kwa a Doris.

Akazi anga a Teleza ndiwo gadiyani. Iwo zilembo sadziwa, amati zimawaonekera ngati nyerere zosokera.

Lachiwiri, 5 Marichi

M'mawa kutentha kwa thupi, BP, magazi m'kabotolo, kenaka kujambula pachifuwa. Diripi kudzanja lamanja, ndiye kulembaku ndikuchita mopendekeka. Mapilisi: panado awiri, ndi kena koyera kochepetsa kutupa. Phala likudutsa, zolimba zikukana.

Bedi loyandikana nalo muli a Everson, amene anali mlonda wa pafakitale. Shuga wawadula chala chachikulu chakuphazi. Tinadziwana kale, ndipo sitinagwirizanepo pa kanthu. Atamva kuti andiletsa kuyankhula anakweza manja kumwamba.

"Ambuye mwamva pemphero la Thyolo yense!"

Ndinawanong'oneza kuti mlonda amene anagona mpaka akuba anamuvula jombo asamatchule za kumva. Wodi inaseka. Ine ndinatsokomola mpaka misozi.

Lachinayi, 7 Marichi

Lero ndili nazo zambiri, dzanja lipirire.

Kwabwera dokotala wamkazi wochokera ku Blantyre, a Joan. Amabwera Lachinayi lililonse, akuchita kafukufuku wa matenda a pakhosi kuno kumatiyi. Mwana wamng'ono ndithu, msinkhu wa mdzukulu wanga Queen, koma anagwada pambali pa bedi pondipatsa moni. Anandifunsa za fodya. Ndinati chingambwe ndasuta kuyambira ndisanamere ndevu. Za kachasu ndinayang'ana kaye ngati a Teleza ali pafupi.

Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudulako kanyama pachotupa paja, kochepa ngati njere ya mpunga. Anakaponya m'kabotolo ka madzi onunkha. Ndinafunsa kuti kanyama kangako kakupita kuti ine mwini wake ndikutsala.

"Ku labu, agogo. Tikakadula mopyapyala kuposa khoko la anyezi, tikakapaka utoto, ndiye tikakayang'ana pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso."

Ndinati m'njere ya mpunga mungaonemo chiyani. Anaseka, natulutsa foni. Anati mnzawo wina amafufuza za tiyi, ndipo amatumizirana zithunzi zokongola za kuntchito kwawo monga ena amatumizirana za ana. Anandionetsa chimodzi. Chobiriwira ngati munda utangovumbwa mvula, ndipo ponseponse timilomo. Timilomo teniteni, wapamwamba ndi wapansi, tina tayasama, tina tatseka, tina ngati tikufuna kuimba mluzu. Tambirimbiri, tondandana ngati anthu m'tchalitchi.

"Kumeneku ndi kunsi kwa tsamba la tiyi. Limapumira m'timeneti."

Ndinakhala chete, ndipo a Everson akuti chimenecho chilembedwe m'mbiri ya dziko.

Moyo wanga wonse masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu kumsana. Zala izi zinada nawo. Sindinatembenuzepo tsamba n'kuganiza kuti kunsi kwake kuli khamu la olongolola anzanga. Ndinkapeka nthano za maiko a pansi pa nyanja amene sindinawaone, pamene mudzi wathunthu unali pakati pa chala changa chachikulu ndi chamkombaphala. Akanandionetsa ndili ndi mawu, ndikanawauza athyoli pasikelo mpaka kuiwala kuti akudikira kuyeza. Chandifika mochedwa.

Madzulo ndinawafotokozera a Teleza monong'ona. Anati, "Ndiye n'chifukwa chake munkagwirizana nawo."

Loweruka, 9 Marichi

Pabala pakuwawa. Asintha bandeji. Mwana wathu Ellen anabwera ndi kalongonda wophika bwino, wothira tsabola. Ndinangomununkhiza. Anadya a Everson, ati shuga sadana ndi kalongonda.

Lachitatu, 13 Marichi

Tikudikira zotsatira. Diripi achotsa, abwezeretsanso. Usiku ndikugona chokhala, ndikagona chagada mpweya ukuchepa.

A Teleza mutu wawo wonse uli pa chinkhoswe cha Queen, mwana wa Ellen, mwezi wa Meyi. Akuchimuna asankha kale nsalu yawo yovala onse. Ya mbali yathu anasiyira agogo kuti asankhe, ndiye agogowo palibe imene ikuwakomera. Ya nsomba akuti tikaoneka ngati a kumsika. Ya makiyi akuti anavala a ku Goliati chaka chatha. Akufuna imene sinaonekepo ku Khonjeni.

"Bambo a Ellen, inu mudzavala shati ya nsalu yomweyo. Ndipo polangiza ana musadzatalikitse, anthu adzafuna kuvina."

Ndinagwedeza mutu. Mkazi ameneyu ndakhala naye kuyambira tonse tikuthyola mzere umodzi. Mawu amene wayankhula m'zaka zonsezi sangadzaze dengu limene ine ndimadzaza pa tsiku limodzi. Koma akanena, chanenedwa.

Lachinayi, 21 Marichi

Zotsatira zabwera. A Teleza anali atapita kumudzi kukaona mbuzi ndi kukatenga ufa.

A Joan anakoka katani, nakhala pampando. Anafunsa ngati tidikire amayi. Ndinati nenani, ine ndi amene ndimawauza zinthu kwathu. Ndilemba mmene ananenera. Ndi khansa. Inayambira pa kholingo, pamene pamatuluka mawu, ndipo yafika ku chotupa chija. Andilembera kalata ya ku Blantyre, tikudikira tsiku. Kumeneko akaona ngati n'kotheka kuchotsa kholingo lonse. Akachotsa, mawu apita. Akapanda kuchotsa, njira ya mpweya ipitiriza kuchepa. Ikachepa mwadzidzidzi ndisanapite, adzaboola pakhosi n'kuikapo kapaipi. Ndinafunsa za mwezi wa Meyi. Anati sanganame, sakudziwa.

Ndinati ndikufuna ndimuone mdani wangayo. Anali atabwera nacho kale chithunzi, chosindikiza papepala lonyezimira, chifukwa anakumbukira mmene ndinachitira ndi tsamba lija.

Abale, ndinkayembekeza chinthu chakuda, cha mano. Ayi. Pinki ndi pepo, ngati maluwa a mbatata m'mawa. Timadontho tapepo tambirimbiri tikuyenda m'mizere ngati athyoli pamtsetse, ndipo pakati pake zozungulira zapinki, zokulungana mkati mwa zinzake, zosalala, ngati wina anakhala pansi n'kuzipota ndi manja mosafulumira. Sindinaonepo chinthu chopangidwa bwino chotero. Ndinafunsa kuti matendawo ndi ati pamenepa. Analoza zozungulira zokongolazo.

"Tikaona izi ndiye timadziwa."

Ndinapempha kuti chikhale changa. Ndinachiimika pa lokala, kakabati ka pambali pa bedi.

A Teleza anafika dzuwa litapendeka, thumba la ufa pamutu. Asanatule n'komwe maso anagwera pa lokala. Anatula, anapukuta manja pachitenje, anachinyamula ndi nsonga za zala.

"Iiii! Bambo a Ellen, mwaitenga kuti? Ndi imeneyi! Nsalu ija ndi imeneyi! Taonani nkhata zake."

Ankanena nkhata yosenzera, imene amapota ndi kansalu n'kuika pamutu. Zozungulirazo zimaonekadi choncho. Koma ndinamva a Everson akutembenuka pabedi pawo, chifukwa iwo anamva zonse kuseri kwa katani, ndipo nkhata imene inawabwerera ndi ina ija, ya maluwa, yokaika pamanda.

Ndinatsegula pakamwa. Nkhope ya a Teleza inali ikuwala ngati tsiku limene anabadwa Queen. Ndinati, "Andipatsa adokotala." Si bodza. Anafunsa za zotsatira. Ndinati akuti tipite ku Blantyre akaonenso. Limenelonso si bodza.

Lachisanu, 22 Marichi

Ayamba kundipatsa mofini wamadzi, kasupuni maola anayi alionse. Ululu wagona. Mluzu wa pakhosi wakula.

Ndinati a Teleza ndiwauza lero akabwera ndi phala. Anabwera ndi phala ndi azimayi atatu a kugadiyani, kudzaona nsalu. Wina akuti ikhala bwino ndi duku loyera. Wina akuti ya chonchi ndi ya ku Tanzania, ikapezeke ku Limbe basi. Munthu unganene bwanji pamenepo?

Lamulungu, 24 Marichi

Tinatsala awiri masana, a Everson akuoneka ngati agona. Ndinawagwira dzanja a Teleza. Ndinati amake Ellen, pali nkhani. Anati nenani. Ndinayamba bwinobwino, kuti munthu akamayenda ulendo amayenera kudziwa kumene njira yagwera. Kenaka sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Ndinapezeka ndili pa nkhani yanga yakale ija ya mzungu wa esiteti amene anagwera m'dzenje la manyowa akuthamangitsa chipewa. Ndinaikometsa, ndinaika ndi galu amene kale munalibemo. A Teleza anaseka mpaka kupukuta maso, ngakhale aimva kosawerengeka. Anatenga mbale kukatsuka.

A Everson anatsegula diso limodzi.

"Nakhumwa, ndinu wamantha."

Ndinati ndikufuna mawu abwino, nkhani yotere siponyedwa ngati mwala.

"Mawu abwino ati? Mwatsala ndi mawu okwana kapu imodzi, inu mukuthirira nawo mzungu wa m'manyowa. Mayiwa akuyenda wodi yonse kuonetsa anthu chinthu chimene chikukuphani. Mukapanda kuwauza ndiwauza ine."

Ndinati akayerekeza ndidula chala chinacho. Anatembenukira kukhoma. Sitinayankhulane mpaka madzulo, pamene anandipatsira nthochi yakupsa kwambiri, yoti ndingathe kumeza.

Akunena zoona. Pamaliro a anthu ena ndinkadziwa poyambira. Ndinkadziwa nthawi yoseketsa ndi nthawi yosiya anthu alire. Koma kumeneko wolirayo sanali Teleza.

Lachiwiri, 26 Marichi

Mawu atsala ngati mphepo ya pansi pa chitseko. A Doris akuchita kuika khutu pakamwa panga.

A Teleza akuti mawa alawirira ku Limbe ndi chithunzi, akafufuze m'masitolo a nsalu, abwera madzulo. Ellen adzakhala nane. Ndinawakoka chitenje. Anawerama. Ndinati musapite. Anati, "Nsanje mpaka m'chipatala? Amwenye a ku Limbe andifuniranji ine nkhalamba?" Nachiika chithunzi m'pepala la pulasitiki kuti chisanyowe.

Ndinati chabwino, ndiwauza akabwerako. Asangalale tsiku limodzi lina.

Lachitatu, 27 Marichi

Apita. Mpweya ukuvuta. Andiika wa m'botolo.

Loweruka, 30 Marichi

Ndili moyo. Kapaipi kali pakhosi.

Lachitatu masana khosi linatseka. Ndikukumbukira a Everson akumenya bedi ndi ndodo, kukuwa anesi, ndi Ellen akuthamanga pambali pa machira. Ndinadzuka mpweya ukulowera pansi pa chibwano. Ndinayesa kunena kuti madzi. Milomo inayenda, osatuluka kanthu. Ngati timilomo ta tsamba tija.

Amakoka makhololo m'kapaipi ndi makina, zimawawa. Chakudya ndi cha m'mphuno. Mofini akupitiriza. Ku Blantyre akuti sabata ya mawa ikatha.

A Teleza ndinawaona pakhomo la wodi Lachinayi ndi dzulo. Amapatsira Ellen zofunika n'kubwerera. Sanalowe.

Lamulungu la Pasaka, 31 Marichi

Kwaya inadzaimba m'wodi. Ellen wandiuza zimene zinachitika.

Amayi ake anayenda Limbe yense, sitolo ndi sitolo. Ena ankati yatha, ena ankati ibwera mwezi wamawa. Pobwerera, m'minibasi, anachitulutsa kuti achionenso. Pambali pawo panali mtsikana wophunzira zachipatala. Anasuzumira, nawerenga timalemba ta m'munsi, pamene pali dzina langa. Ndiye mwaulemu wake anati, "Pepani amayi. A Nakhumwawa ndi amuna anu? Khansayi anaipeza liti?"

Anaimvera m'minibasi. Pakati pa matumba a kabichi, kondakitala akuitanira a ku Bvumbwe. Kwa mwana wa eni ake amene sadziwa n'komwe kuti Teleza akamva zoopsa amafuna wina amugwire pamsana. A Teleza anafika kuno ine ndili ku thiyeta.

Ndinali ndi masiku asanu ndi limodzi, ndi mawu okwanira. Nkhani yake inali ya mpweya umodzi.

Lolemba, 1 Epulo

A Teleza alowa lero, itatha nthawi ya mankhwala a m'mawa. Anakhala pampando, chikwama pamiyendo. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana kapaipi.

"Munandisiya ndiyende Limbe yense nditanyamula imfa yanu m'chikwama, ndikufunsa kuti pa mita ndi zingati."

Ndinatenga kope ili, ndinalemba kumapeto kwake ndi zilembo zikuluzikulu, ndinawaonetsa. Anayang'ana nyerere zosokerazo. Ndinalozera a Everson kuti awerenge. A Everson anakonza kukhosi, mwaulemu umene sindinawaonepo nawo.

"Akuti pepani, mayi."

"Ndikanafuna pepani wa a Everson ndikanakwatiwa ndi a Everson."

A Everson anafunda bulangete mpaka kumutu.

Kenaka a Teleza anaona kuti mutu wanga wapendekera ndipo kapaipi kakukoka khungu. Pilo wa pano ndi wopyapyala. Anaimirira, anamasula chitenje chapamwamba, anachipota pamkono mmene amachitira popita kumadzi, mpaka chinakhala nkhata. Anandinyamula mutu ndi dzanja limodzi, naiika kuseri kwa khosi. Kukoka kunaleka.

"Ndamva kuti anzanuwa ankaganiza za nkhata ya maluwa," anatero. "Imeneyo adzaluka ena, nthawi yake ikadzakwana. Ine imene ndimaidziwa ndi yosenzera. Mukanandipatsa katunduyo ndikanasenza. Ndasenza zingati za inu?"

Misozi inalowa m'makutu.

Anatulutsa chithunzi chija. Chapindika pakona, pulasitiki inang'ambika. Ndinkati achiponya pansi. Anachiwongola pabondo, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Komabe n'chokongola," anatero, ngati akukalipira. "Chinthu chopanda manyazi."

Anachiimikanso pa lokala. Za chinkhoswe anati atenga ya nsomba ija, ndipo shati yanga asoketsa ndithu, ndikaivalire kulikonse kumene ndidzakhale. Polangiza ana adzayankhula iwo. Sadzatalikitsa.

Ndinaganiza kuti atha. Koma anakokera mpando pafupi, napinda manja mmene ndinkachitira ine pasikelo, nayang'ana kudenga.

"Padangokhala," anatero.

Anadikira. Nthano siyenda wina asanavomere, ndipo m'nyumba mwathu wovomera anali iwo nthawi zonse. A Everson anatulutsa mutu m'bulangete kuti andithandize. A Teleza anawaloza chala osawayang'ana, iwo anabwerera.

"Padangokhala mwamuna wina, wa milomo yambirimbiri ngati tsamba la tiyi. Yonse inkayankhula, kupatula umodzi umene mkazi wake ankaudikira."

Anadikiranso.

Ndinafufuza pa lokala, ndinapeza supuni ya phala, imene tsopano ilibe ntchito. Ndinagogoda nayo chitsulo cha bedi. Ngo, ngo. Tili tonse.

"Mwachedwa," anatero a Teleza. "Koma ndamva." Ndipo anapitiriza.